Oyilo wa galimoto si mankhwala a galu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene tili kuno ku Joni, makamaka ife tikusunga agalu kuma renti ku Cosmo City ndi Diepsloot. Khalidwe lija tinachoka nalo kumudzi, loti galu akangoyamba kuthothoka ubweya basi timuthire oyilo wakuda wa mu injini, tabwera nalo mpaka kuno ndipo likupweteketsa ziweto.

Ine ndimagwira ya mugadeni ku Randburg. Tsiku lina galu wa abwana anayamba kuzikanda usiku onse mpaka makutu kuchita nkhanambo m'mphepetemu, ine nkuwauza kuti madam izi ndi mphere basi, tingogula dipi. Anangoseka nkuti tiyeni kwa dokotala wa ziweto mukandigwirire galuyo. Koma ndiye ndinaona zinthu. Adokotala sanathamangire jekeseni ayi, anayamba ndi mafunso, kuyabwaku kwayamba liti, amagona pati, pakhomo alipo munthu akuzikandanso? Kenako anapesa ubweya ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, tinthu takuda tomwe tinagwa anatiika pa pepala loyera lonyowa, akuti tikasanduka tofiira ndiye kuti ndi ndowe za utitiri poti muli magazi. Sitinasinthe. Atatero anatenga kalezala nkupala khungu mpaka timagazi kuonekera pang'ono, ine mtima uli phaa kuganiza kuti akumupweteka, zopalazo anaziika pa kagalasi nkuyang'ana pa maikulosikopu. Anandiitana kuti ndisuzumire, ndinaona ndi maso angawa kachilombo kozungulira kamiyendo ifupiifupi kakuyenda, dzina lake akuti Sarcoptes, kamakumba m'khungu ndipo kamatha kulumphira kwa munthu. Eti tinachita mwayi chifukwa nthawi zambiri kameneka sikapezeka ngakhale apale kangapo.

Nde apa mpomwe pali nkhani. Anati kulinso kena kotchedwa Demodex, kooneka kotalika, kamakhala mmene mumamera ubweya ndipo kamavuta kwambiri tiana ta agalu koma anthu sikawagwira. Palinso zipere, izo si kachilombo koyenda ayi ndi fangasi, amazimitsa magetsi nkuunika ndi nyali ina yake ndipo zina zimawala mobiriwira, zina osawala mpaka atumize ubweya ku labu. Zonsezi ukamaziona ndi maso zimangofanana, galu wothothoka basi, koma mankhwala ake ndi osiyana. Nanga oyilo uja akuchiza chiti pamenepa?

Neba wanga, mnyamata wa kwathu konkuja, anapaka kagalu kake oyilo thupi lonse, kanazinyambita nkuyamba kusanza, khungu lonse kupsa. Patapita masabata mwana wake anatuluka chipere pa tsaya, poti ankagona nako pa mphasa. Ena akumabaya agalu mankhwala a ng'ombe otchedwa ivermectin mongoyerekeza mulingo, pomwe agalu ena ngati ma collie amatha kufa naye. Winanso anathira mphaka mankhwala a utitiri a agalu, osadziwa kuti ena mwa amenewo ali ndi permethrin yemwe kwa mphaka ndi poizoni.

Ndikudziwa anthu ati ndalama, zoona ma vet a m'ma suburb ndi odula, ifenso tikutumiza kumudzi mwezi ndi mwezi. Koma kuli mabungwe osamalira ziweto, kuli SPCA, kuli PDSA ku Soweto, kulinso CLAW cha ku Roodepoort, awa amathandiza anthu opeza movutikira, kungofunsa kaye mtengo sikulipira. Komanso dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama la 1962, kusiya chiweto chikuvutika osachithandiza ndi mlandu, nde ife obwera tisamaziputire tokha apolisi chifukwa cha galu.

Galu wa abwana uja anamwa mapilisi, zogonera zake tinachapa ndi madzi otentha, pano ubweya unabwerera. Kagalu ka neba ndinakatengera ndekha kwa dokotala wa ziweto Loweruka lapitali, akuti ndi zipere ndipo tibwererenso pakatha masabata awiri.

Mtchona wa ku Mulanje,
Cosmo City, Johannesburg