Kwa Kopolo watsopano

Chilenje, Lusaka

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti wavala mizere iwiri ya ukopolo, ndipo dzina lako lili m'gulu lopita ku Birao, ku Central African Republic, komwe asilikali a Zambia akhala akusungitsa mtendere pansi pa United Nations kuyambira 2015. Takondwera. Iwo ayamba kale kusala kudya Lachitatu lililonse, ndiye usawaseke.

Ndikufuna udziwe za Kopolo mnzako, Bryan Budd, wa gulu la 3 PARA la asilikali a Britain odumpha m'ndege ndi parachuti. Ku Sangin, m'chigawo cha Helmand ku Afghanistan, panalibe zodumpha. Inali ntchito ya miyendo, kulondera, yomweyo ukaigwire iwe.

Pa 27 Julaye 2006 adani anawaombera kuchokera padenga la nyumba. Anyamata ake awiri anavulala, mmodzi nagwera pamtetete. Budd anaona kuti aliyense wopita kukamunyamula akagweranso pomwepo, choncho anatsogolera anzake kukathira nkhondo nyumba ija mpaka owombera anathawa. Wovulalayo anachotsedwa, napulumuka. Waona? Anayamba waganiza, kuthamanga kunabwera pambuyo.

Tsiku lachiwiri ndi limene limandisowetsa tulo. Pa 20 Ogasiti chaka chomwecho anakumana ndi a Taliban m'munda wa chimanga chofika m'mutu. Ukuudziwa munda wa agogo ako ku Katete mu Febuluwale: mnzako akangolowa mizere itatu, umangomva masamba, iye osamuonanso. Anyamata ake atatu anawomberedwa. Iye, ngakhale anali atavulala, anapitirira yekha kutsogolo akuwombera, ndipo anzakewo anapeza mpata wobwerera ndi ovulala awo. Mtembo wake anaupeza pafupi ndi mitembo itatu ya adani. Anali ndi zaka 29, mkazi wake ali woyembekezera. Anam'patsa Victoria Cross, mendulo yoposa zonse kwawoko, ali m'manda.

Koma pali china chimene okonda nkhani za ngwazi amachilumpha. Bwalo lofufuza za imfa yake mu 2007 linapeza kuti nkutheka kwambiri kuti chipolopolo chimene chinamupha chinali cha mamilimita 5.56, mtundu wa mfuti za mbali yake yomwe. Sindikuloza chala munthu. M'chimanga muja ndani akanadziwa kuti Kopolo wafika pati?

Nchifukwa chake ndakulembera. Mtima uli nawo, sindikayika; unkakwera mtengo wa mango wa pa nyumba pano mpaka kunsonga amayi ako akukuwa. Chimene ndikupempha ndi pakamwa. Nkhanga zinapangana kusanapse. Musanatuluke pa geti, aliyense adziwe woteteza ndani, wonyamula wovulala ndani, mukabalalika mukakumana pati. Ukasuntha, fuula kuti wasuntha, ndipo mfuti za anyamata ako uzidziwe kumene zaloza. Wailesi uziiyesa wekha, osangomva kuti ili bwino. Uziwawerenga potuluka, uziwawerenganso pobwera, ngakhale akudandaule kuti Kopolo uyu ngovuta. Wamantha usamunyoze pagulu. Muike pafupi nawe, um'patse chochita.

Usananyamuke ubwere kuno ndi apongozi athu, tione pamodzi mapepala a kubanki ndi a ana. Amayi ako akukazinga nsawa zoti upite nazo.

Ndine atate ako.