Mapulodyusa a kuno, chepetsani mafayilo a nyimbo zathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anyamata amene atsegula timasitudiyo kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula ndi pa Nsanje boma. Ntchito mukugwira ndithu, makwaya athu pano sakuvutikanso kukwera mtunda kupita ku Blantyre kukajambulitsa. Koma pali kachizolowezi kamene kakundiwawa, kopatsa kwaya fayilo ya WAV (fayilo ya mawu yosafinyidwa) ya 96 kHz ndi 24-bit nkuwauza kuti imeneyi nde kwalite yeniyeni, ena mpaka kukweza mtengo chifukwa cha manambalawo, pomwe eni nyimbo akulephera ngakhale kuitumiza pa WhatsApp.

Nkhani yake ili chonchi. Kompyuta ikamajambula imayeza mawu kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kuchuluka kwa miyesoyo nde sample rate. Pa CD ndi ka 44,100 pa sekondi, zomwe amati 44.1 kHz, pamene 96 kHz ndi ka 96,000. Bit depth ndi kukula kwa nambala yosungira muyeso uliwonse, zili ngati sikelo ya thonje, ikakhala ndi timizere tambiri imayeza mpaka kakang'ono komwe. 16-bit ili ndi timizere 65,536, pamene 24-bit ili ndi topitirira 16 miliyoni. Kuti mudziwe kulemera kwa fayilo mungochulukitsa 44,100 ndi 16, kenako ndi 2 chifukwa stereo ili ndi mbali ziwiri, mupeza mabiti 1,411,200 pa sekondi, omwe ndi ma MB 10 ndi kanthu pa mphindi.

Nde nyimbo zathu za kwaya mukuzidziwa, sizifupika, kolasi kubwereza mpaka mtima ukhute. Ya mphindi 6 pa mlingo wa CD ikwana ma MB 63, koma pa 96 kHz ndi 24-bit ifika ma MB 207. Nyimbo imodzi! Mayi wa kwaya ku Makhanga bandulo yotsitsira zimenezo aipeza kuti, netiweki yakenso yochita kusaka pokwera, memole kadi yake yodzadza kale ndi zithunzi za ana? Nyimbo yomweyo mukaisandutsa MP3 ya 192 kbps (mabiti 192,000 pa sekondi) imatsala ma MB osakwana 9.

Chimene chimandipweteka kwambiri nchakuti kulemera konseko khutu silikumva. Munthu amamva mawu mpaka cha m'ma 20,000 Hz basi (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), tikamakula zimatsikanso, ndipo lamulo lake ndi lakuti sample rate ikhale kawiri kwa mawu okwera kwambiri amene ukufuna kusunga. Nchifukwa chake 44,100 imakwana bwinobwino. Mukapereka nyimboyo ku wailesi ya FM monga Gaka kapena Nyanthepa, FM payokha imadula mawu cha m'ma 15,000 Hz, nde 96 kHz yanuyo ikukamveka pati? Omvera athu ambirinso akumvera pa kasipika ka foni kapena pa sipika ya kabaza wa njinga yamoto.

Pa 24-bit pokha ndikugwirizana nanu, pojambula ndi posakaniza ndi yofunika ndithu, chifukwa kwaya imatha kuyamba chapansipansi kenako ng'oma ndi nthungululu nkubuka mwadzidzidzi, ndiye mumafuna mpata woti mawu asang'ambike. Jambulani pa 24-bit ndi 44.1 kHz, kapena 48 kHz ngati pali vidiyo, fayilo yaikuluyo muisunge malo awiri osiyana, tonse tinaona mmene madzi a Freddy anakokololera katundu mu 2023. Koma kwa kwaya perekaninso MP3 yoti igawidwe.

Ndipo ngati mukufunadi kwalite yambani ndi chipinda chojambuliramo. Malata akulira ndi dzuwa la Okutobala, fani ikupukusa chifukwa cha kutentha kwathu kuno, jeneleta ikubangula kuseri magetsi akathima, maikolofoni imatola zonsezo ndipo manambala aakuluwo amangosunga phokosolo mosamala kwambiri. Ndalama yogulira hadi diski ina bola mugulire matiresi oika m'makoma.

Ojambula maulaliki ndi nthano za agogo, mawu a munthu mmodzi safuna stereo, ikani mono fayilo itsika ndi theka pompo. Atsogoleri a makwaya nanunso musanalipire muzifunsa kuti akupatsani mafayilo angati komanso a ma MB angati.

Wokonda nyimbo za kwaya,
Nchalo, Chikwawa