Chilengezo: Loweruka tiphunzitsana kukonza mavidiyo a maphunziro

Aphunzitsi anzanga nonse a m'gulu lathu,

Loweruka likudzali tikumane pa boma la Dedza, m'chipinda chathu cha nthawi zonse, kuyambira 9 koloko m'mawa. Tidzaphunzitsana kukonza mavidiyo a Fomu 3 ndi 4 pa kompyuta, osati pa foni ngati kale.

Tidzagwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera mavidiyo yotchedwa DaVinci Resolve ya kampani ya Blackmagic Design, chifukwa ili ndi mtundu waulere. Adobe Premiere Pro ndi yabwino ndithu, koma ndi yolipira, ndipo thumba la gulu lathu mukulidziwa. Vuto la Resolve ndi kulemera: laputopu ya RAM (memore ya kompyuta) ya 4 GB siingaikwanitse. Amene muli ndi makina otere musadandaule, tidzakuikirani Shotcut, yaulerenso koma yopepuka.

Nthawi yambiri tidzathera pa mawu. Mwana amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu a mphunzitsi akamizidwa ndi mphepo ya kuno ku Dedza kapena phokoso la njinga za kabaza, amangoitseka vidiyoyo. Tidzaona kadulidwe ka malo amene munadodoma polankhula, kuchepetsa phokoso, ndi kuika mawu olemba m'munsi mwa chithunzi. Pomaliza, kutulutsa vidiyo ya MP4 pa 720p kuti isamalize bandulo ya makolo pa WhatsApp.

Bwerani ndi laputopu yotchaja kale, mahedifoni, flash ndi kavidiyo ka mphindi 3 kojambula nokha. Ophunzitsa mbiri yakale, zojambula za pamiyala za ku Chongoni zili pafupi pompa, yambirani pamenepo. Juzi musaiwale.

Mlembi wa gulu