Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo, kuchokera kwa telala wa ku Joni

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Rosettenville ku Johannesburg kuno komwe ndimasoka zovala, kwathu ndi ku Mulanje. Za udokotala sindinaphunzire ayi, koma chaka chathachi ndinakhala gadiyani wa mng'ono wanga pafupifupi mwezi wathunthu pa chipatala china chachikulu cha boma kuno, nde zomwe ndinaonazo zakhala zikundisowetsa tulo mpaka ndati bola ndilembe basi.

Mng'ono wangayu atabwera kuno anasiya kumwa ma ARV, nkhani yake ndi yomwe mukuidziwa ija, mapepala osalongosoka, kuopa kukafunsidwa zambiri ku kiliniki, ganyu yoyamba m'mamawa. Kenako mutu. Mutu wosamva panado, sabata ziwiri, kusanza, mpaka anayamba kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kulankhula zosagwirizana. Titafika naye kuchipatala anamuchotsa madzi a kumsana tsiku lomwelo nkupeza kuti ndi meninjaitisi ya cryptococcus, ija imagwira anthu amene chitetezo chatsikiratu. Mawa lake kunabwera madokotala ena omwe manesi amangowatchula kuti a ID, kutanthauza akatswiri a matenda oyamba ndi tizilombo, TB, HIV, malungo, tayifodi ndi ena otero. Amenewo ndi amene ndikufuna tikambirane.

Ine ndinakangana nawo, ndisabise. Ndimati munthu wadwala chifukwa chosiya ma ARV, bwanji osangomuyambitsanso lero lomwe? Anandikhazika pansi nkundifotokozera kuti pa matenda amenewa ukathamangira ma ARV chitetezo chimadzuka mwaukali, ubongo nkutupa, munthu nkupita, ndiye amadikira kaye sabata 4 mpaka 6. Komanso anamuchotsa madzi a kumsana kangapo, osati kuti akayeze ayi koma kuphwetsa mphamvu ya madzi yomwe imafinya ubongo. Ndinaona ndi maso angawa, munthu amene amabuula usiku onse atagwira mutu, akangomuchotsa madziwo pakapita kanthawi amapempha phala. Pagulu la madokotalawo panali mtsikana wina amene atatimva tikulankhula anatipatsa moni wa kwathu, kuti mwadzuka bwanji achimwene. Anali Mmalawi, anaphunzira ku Blantyre, wabwera kuno kudzapitiriza sukulu.

Chimene chimandiwawa ndi ichi a Nduna. Zaka ziwiri m'mbuyomo msuweni wathu kumudzi anadwala chimodzimodzi, mutu womwewo, kusanza komweko. Anapita kuchipatala katatu, ulendo woyamba LA, wachiwiri panado ndi jakisoni, wachitatu anamugoneka koma zinali zitachedwa. Pakati apo azakhali anali atayenda kale kwa asing'anga poganiza kuti mwana walodzedwa. Ife kuno tinangosonkha ya bokosi pa WhatsApp. Sindikuloza chala kilinikala ofesa amene anamuona, anthu amenewa ndi amene anyamula zipatala zathu pamsana, munthu mmodzi mzere mpaka panja, dzuwa likulowa asanadye. Koma analibe woti amufunse. Panalibe munthu woti amuimbire foni nkumuuza kuti mutu wa sabata ziwiri kwa munthu wa HIV usaupatsenso LA, yeza cryptococcus.

Nde ndinayamba kufunsa kuti kodi dokotala wa ID amapangidwa bwanji, poti masana ku wodi nthawi imakhalapo yambiri. Njira yake ndi yaitali zedi. Kwathu mwana akasankhidwa kupita ku KUHeS, ija timaidziwa kuti College of Medicine yomwe inatsegulidwa mu 1991, amachita chaka chimodzi chokonzekera kenako zaka 5 za MBBS. Akatero intenishipu miyezi 18 kuti a Medical Council of Malawi amulembetse ngati dokotala woima payekha. Apo akadali dokotala wa zonse. Kuti akhale sipeshalisiti wa matenda a akuluakulu kapena a ana ndi zaka zina 4, ndipo ID imabwera pamwamba pa zimenezo. Ku South Africa kuno ndi zaka 2 zina pansi pa akatswiri, kuphatikizapo nthawi ya mu labu kuphunzira tizilombo tomwe, kenako mayeso a Colleges of Medicine of South Africa, a HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kuno, nkumulembetsa. Mukawerengetsa ndi zaka zoposa 13, osawerengera zomwe amakhala akugwira ntchito ku chipatala cha boma podikira mwayi wa sukulu. Mwana wolowa ali ndi zaka 18 amatuluka ali bambo kapena mayi wa ana a ku pulayimale.

Ndipo madokotala akunja ambiri amene amaphunzira kuno amalowa ngati ma supernumerary, kutanthauza kuti ntchito amagwira yonse, mawodi, ma call a usiku, koma boma la kuno silimawalipira, ndalama imayenera kuchokera kwawo kapena ku bungwe lomwe lawatumiza. Lendi ya ku Joni mukuidziwa a Nduna, kwacha ikagwa ndalama yomwe inkakwana mu Januwale pofika Juni ndi ya thiransipoti yokha. Ife osoka ndi ogwira m'nyumba za anthu timadziwa kupirira kwake, koma munthu amene akuyenera kuwerenga mabuku usiku atachoka ku wodi asamakhalenso akuwerengera kuti kodi mwezi uno ndidya chani.

Pempho langa loyamba ndi limenelo, boma likhale ndi sikolashipu yakeyake ya ukatswiri umenewu, yolembedwa mu bajeti, yofika pa nthawi yake, osati kungodalira ma donor amene lero alipo mawa atseka. Taona tonse mmene thandizo la ku America linagwedezekera mu 2025. Ndipo munthuyo asanakwere ndege adziwe kuti akabwerera mpando wake uli kuti, ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, giredi yake ndi iti, malipiro ake ndi otani. Chifukwa munthu akamaliza zaka zonsezi nkupeza kuti kwawo kulibe positi ya zomwe waphunzira, pomwe kwina akumukopa, musadabwe akakhala mtchona ngati ife. Mukhoza kumusainitsa bondi inde, koma bondi yopanda mpando imangomusunga zaka zochepazo basi.

Chinanso, dokotala wa ID wopanda labu ali ngati ine wopanda mashini. Kuno ku Sandringham kuli NICD komwe amafufuza tizilombo, ndi iwowo amene analondola mliri wa listeriosis wa 2017 ndi 2018 mpaka kupeza kuti ukuchokera mu polony, mliri womwe unapha anthu oposa 200. Kwathu ku Blantyre ofufuza akhala akuyeza magazi a odwala kwa zaka zambiri ndipo aonetsa kuti tizilombo tambiri tayamba kusamva ceftriaxone, jakisoni uja amabaya pafupifupi aliyense wogonekedwa. Nanga ku Chitipa, ku Nsanje, ku Ntchisi, amadziwa bwanji kuti mankhwala omwe akubayawo akugwira? Katswiri ndi amene amanena kuti apa siyani, apa sinthani, apa musapereke nkomwe, koma amanena zimenezo ataona zotsatira za labu.

Komatu nzeru kwathu zilipo, ndi zimene zimandipweteka kwambiri. Mankhwala a cryptococcus omwe WHO inavomereza mu 2022, dripi imodzi yamphamvu ya liposomal amphotericin kenako mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa sabata ziwiri, kafukufuku wake wa AMBITION anachitikiranso ku Blantyre ndi ku Lilongwe, odwala ake ena anali abale athu. Option B+ yoteteza ana ku HIV inayambira ku Malawi mu 2011 dziko lonse lapansi nkutengera. Katemera wa malungo anayambira kwathu mu 2019, wa tayifodi anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Odwala oti munthu aphunzirirepo tili nawo ochuluka kuposa mayiko omwe timatumizako ana athu. Ndiye chikuletsa nchiyani kuti a KUHeS, mogwirizana ndi koleji ya madokotala ya m'chigawo chino ija ya ECSACOP, akhazikitse zaka ziwiri zomalizazi konko kumudzi, kunja kuno munthu azingobwera miyezi yochepa kudzaona za labu? Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700, poliyo anapezekanso ku Lilongwe mu 2022 patatha zaka 30. Miliri siidikira kuti munthu amalize sukulu ku yunivesite ya Wits kuno ku Joni.

Ndikudziwa simungaike katswiri pa chipatala chilichonse cha boma, ngakhale kuno sanafikepo. Koma ochepa omwewo atakhala mu zipatala zinayi zazikulu, nkukhala ndi nambala imodzi yodziwika yomwe kilinikala ofesa wa ku Muloza kapena ku Makanjira angaimbe kapena kutumiza uthenga nthawi ina iliyonse, komanso iwo nkumayendera maboma kukaphunzitsa pa bedi la wodwala osati mu hotela ku nyanja, msuweni wanga uja bwenzi wina atamuganizira za madzi a kumsana pa ulendo wachiwiri.

Mng'ono wanga ali bwino tsopano, akumwa fluconazole tsiku lililonse ndipo ma ARV anayambiranso, wanenepa mpaka ndamukulitsira mathalauza awiri. Akuti Disembala ikubwerayi akwera basi kubwerera kumudzi, za Joni zamukwana. Ndamuuza asunge bwino kalata ya kuchipatala ija mu pulasitiki pamodzi ndi pasipoti. Funso lomwe anandifunsa ndi lomwe ndikukupatsirani a Nduna, akuti mutu uja ukadzayambiranso ali ku Mulanje, kalatayo akaionetse kwa ndani?

Ine wanu,
Telala wa ku Mulanje, wokhala ku Rosettenville, Johannesburg