Ku Cambodia analanda ana kwa makolo awo

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndinenepo za Cambodia, poti tikamakamba zopulula anthu ambirife timangothera pa Rwanda basi.

Pa 17 Epulo 1975 a Khmer Rouge, gulu la chikomyunizimu la Pol Pot, atalanda Phnom Penh, likulu la dzikolo, anathamangitsa anthu onse mtauni, ndi odwala omwe mzipatala, ati akalime mpunga kumudzi. Pomwe asilikali a Vietnam amadzawachotsa mu Januwale 1979, anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anali atapita, ena ochita kuphedwa, ena njala ndi matenda.

Koma chimandiwawa ine ndi zomwe a Khmer Rouge anachita ndi banja. Kuphika pakhomo analetsa, mapoto kulanda, aliyense azikadya kaphala kamadzimadzi ka mpunga kukhitchini ya gulu, ndiye ana kuwachotsa kwa makolo kuwaika m'magulu ogwira ntchito nkumawauza kuti mayi ndi bambo ako ndi Angkar, kutanthauza chipani. Mwana kufika ponenera mayi ake omubereka kuti abisa chakudya, abale inu! Akamanga bambo nthawi zambiri amatenga mkazi ndi ana omwe kuopa kuti adzabwezera akakula. Ku Choeung Ek, malo omwe ankapherako anthu, mtengo womwe ankamenyetsapo makanda ulipobe mpaka lero, ndipo ndende ya Tuol Sleng poyamba inali sukulu ya sekondale, tangoganizani.

Pol Pot anafa mu 1998 osaonekera kukhoti la mayiko. Anzake Nuon Chea ndi Khieu Samphan anadzawapeza olakwa pa mlandu wopulula mtundu mu 2018, atakalamba kale.

Chonde Epulo akubwerayu mutilembereko nkhaniyi mwatsatanetsatane.

Wowerenga wanu,
Zomba