Chizindikiro tili nacho, nanga ambulansi ili kuti?

Akulu a Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ma ambulansi. Sabata yatha tinatsutsana mpaka mdima pakhonde la golosale ina pa Namwera, anayambitsa ndi mnzanga wina mphunzitsi, akutiuza za bungwe la ku Israel lotchedwa Magen David Adom. Linayamba 1930 ku Tel Aviv, mu 1950 anapanga lamulo kuti ndi limene lizithamangira odwala ndi ovulala m'dziko lonselo, nambala yake 101, nkhokwe ya magazi amasunganso ndi omwewo. Koma a Red Cross a ku Geneva anadzalivomereza mu June 2006, limodzi ndi Palestine Red Crescent. Zaka zoposa 50 akungokokana, nkhani yaikulu chizindikiro! Iwo ankafuna nyenyezi yawo yofiira ya nsonga 6, pomwe maiko anazolowera mtanda wofiira ndi kamwezi kofiira kaja anayamba nako a ku Turkey m'ma 1870. Mpaka mu December 2005 ndi pomwe anagwirizana zoonjezera china, red crystal, kabokosi kofiira koimirira ndi ngodya, kosakhudza chipembedzo cha munthu.

Kuno ku Mangochi za mtanda ndi mwezi sitichita kufotokozeredwa ayi, mzikiti uku tchalitchi uko. Koma ine chinandikhudza nchakuti zaka zonsezo anthu aja asanavomerezedwe, ma ambulansi awo ankayenda ndithu. Ife zathu nzotembenuza. Malawi Red Cross ilipo mwalamulo kuyambira 1966, kunja amaidziwa, nthawi ya kolera ija Asilamu ndi Akhristu omwe amavala ma bibu a mtandawo nkumagawa kolorini popanda wonyinyirika. Nambala ya 118 yoitanira ambulansi nayo inabwera ndi ndalama za World Bank, koma anayambira pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ngati kuti ife a pa M3 magazi athu ndi madzi.

Mlamu wanga matenda anamuyamba usiku mwezi wa February, mvula ikukhuthuka. Tinamukweza pa njinga yamoto ya kabaza, iye pakati, apongozi kumbuyo atamumangirira ndi chitenje kuti asagwe, ine ndikutsatira pa ina nditanyamula beseni ndi tochi. Kufika pa kachipatala kena a nesi atamuyeza anati mwana wapingasa, apa mpofunika kuchipatala chachikulu, ndiye kuimba foni yankho lake nlakuti ambulansi ilipo koma mafuta mulibe. Tinachita kudzutsa mwini pikapu yonyamula nsomba, mbuzi ya apongozi nkukhala chikole, mzimayi wodwala kugona pa mkeka kumbuyo, fungo la usipa lili thoo. Anachira inde ndipo mwana ali bwino, koma mbuziyo sinabwerere.

Sindikunyoza zovomerezedwa kunja ayi, zimathandiza, thandizo limabwera mosavuta ndipo ogwira ntchito amakaphunzira kwa anzawo. Koma a unduna wa zaumoyo tiuzeni, 118 ifika liti pa msewu wa Liwonde kudzera pa boma mpaka Chiponde, komwe mathiraki ndi a kabaza amalimbirana msewu tsiku ndi tsiku? Nanga Monkey Bay? Za Makanjira ndisanene, msewu wake nthawi ya dzinja mukuudziwa nokha. Ndipo kunyanjaku mutiganizireko ndi boti la odwala, mwera ukayamba mu June asodzi amangowolana okhaokha ndi mabwato.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Namwera, Mangochi