Kwa Tadala, za mtsikana wotulukira m'ngalande

Rosettenville, Johannesburg
Lamlungu madzulo

Wokondedwa Tadala,

Uli bwanji mwana wa achimwene anga? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira koopsa. Mwezi uno wa June udzu umacha utayera mbuu ndi chisanu, moti pokakwera taxi m'mawa ndimavala majuzi awiri.

Amayi ako anandiuza pafoni kuti tsiku lina unalira chifukwa cha Dalitso. Akuti iwe unkaonera katuni ya Snow White, iye n'kutenga chitenje cha agogo, kumanga m'chiuno, n'kuyamba kuimbira nkhuku ndi timawu tating'ono kuti zibwere zidzamutsukire mbale. Mwana wangayo ndimukalipira, usadandaule. Koma ndikuuze chinsinsi, amayi ako asamve: nditangodula foni ndinaseka mpaka misozi. Nanga nkhukuzo zinabwera?

Ndinaseka chifukwa zimene anachita Dalitsozo, akuluakulu ena ku America anazipangira filimu yathunthu. Dzina lake ndi Enchanted, inatuluka mu 2007. Taionera lero titaweruka kutchalitchi, kunyumba kwa amayi a Chikondi, Amalawi okhaokha titadzaza balaza, mbale za nsima ya usipa zili pamiyendo. Anaiika kuti ana akhale chete, koma amene anasokosa kwambiri ndi ife akulu.

Imayamba ngati makatuni ako aja. Kuli dziko lotchedwa Andalasia, ndipo m'nkhalango yake mumakhala mtsikana dzina lake Giselle. Akangoimba, mbalame, agwape ndi akalulu amathamangira kudzamuthandiza. Tsiku lina akugwa mumtengo, n'kugwera m'manja mwa mwana wa mfumu dzina lake Edward, ali pahatchi. Angofunsana mayina basi, n'kugwirizana kuti ukwati ndi mawa lomwe. Apa bambo a Chikondi anafuula kuti, “Ankhoswe ali kuti? Chinkhoswe chachitika liti?” Nsima inatsala pang'ono kunditsamwa.

Koma Edward ali ndi mayi omupeza, mfumukazi Narissa, mfiti yotheratu, yosafuna kusiya mpando. Ikudzisandutsa nkhalamba, n'kumukankhira Giselle m'chitsime. Kugwa, kugwa, kugwa, ndipo potulukira pake ndi m'ngalande ya pansi pa msewu, pakati penipeni pa mzinda wa New York, pamalo otchedwa Times Square. Kuyambira pamenepo si katuninso. Ndi munthu weniweni, mayi wina wa zisudzo dzina lake Amy Adams, ali m'chidiresi chaukwati chachikulu ngati nkhokwe, galimoto zikumuimbira mahutala mbali zonse.

Pamenepa ine ndinasiya kuseka pang'ono, chifukwa ndinadziona ndekha. Ndili ngati iwe ndinkaganiza kuti ku Joni ndi dziko la m'nthano. Agogo awo a bambo ako anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela, ndipo pobwerera anali ndi wailesi ndi jekete lalitali lomwe mudzi wonse unkabwera kudzaligwira. Azulu mzinda uno amautcha eGoli, kutanthauza malo a golide, poti unayamba anthu atapeza golide mu 1886. Ndiye ine ndinakwera basi ku Blantyre, kudutsa ku Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa mu Zimbabwe, kukagona pamzere pa Beitbridge, masiku awiri ndili pampando, n'kudzatsikira pa Park Station. Golide sindinamuone. Ndinangoona timapiri ta mchenga wachikasu womwe unatsala pokumba migodi. Ndinkapatsa moni aliyense monga tichitira kwathu, anthu n'kumangondidutsa. Taxi nazo sizinkaima, mpaka mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anandigwira dzanja n'kundionetsa kuti kuno taxi umaiimitsa ndi chala: kuloza kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, kuloza pansi ndiye kuti ukutsikira pafupi. Naye Giselle amapatsa moni aliyense. Mkulu wina wogona mumsewu akumumwetulira, kenako n'kumutsomphola kachisoti kachifumu, liwiro.

Mvula ikumunyowetsa usiku, amene akumuona ndi kamtsikana ka zaka 6, dzina lake Morgan. Giselle wakwera pachikwangwani chachikulu chojambulidwa nyumba yachifumu, akugogoda pachitseko chongojambula, akudabwa kuti bwanji sakumutsekulira. Bambo a Morgan, a Robert, ndi loya wothandiza anthu pothetsa maukwati, ndiye iwo nkhani za kukondana tsiku limodzi amaziona ngati zamasewera. Koma mwana atakakamira, akumutengera Giselle kunyumba.

Tsopano tafika pa nkhuku za Dalitso. M'mawa Giselle akuona kuti m'nyumbamo muli mbwee, zovala apa, mbale apo. Akutsekula windo n'kuimba monga amachitira kwawo. Koma mu New York agwape achokera kuti? Kukubwera makoswe a m'ngalande, nkhunda za mumsewu, ntchentche ndi mphemvu! Iye akungoti kakasi pang'ono, kenako n'kuzigawira ntchito. Makoswe akutsuka mbale, mphemvu zikukwecha bafa, iye akuimba mosangalala ngati zonse zili bwinobwino. Amayi a Chikondi anakweza miyendo pampando.

Ndinayamba kuganiza kuti ine nditati ndiimbe pawindo langa kungabwere chiyani. Choyamba zingafike mbalame zotchedwa hadeda, za milomo yaitali yokhota, zimene zimalira ngati munthu waponda moto ndipo zimandidzutsa kusanache. Kenako chingabwere chinthu china chimene kuno amati Parktown prawn. Chimafanana ndi nkhululu koma chachikulu, chofiirira, ndipo ukachiopseza chimalumpha n'kutulutsa timadzi takuda tonunkha. Iyayi, mbale zanga ndizitsuka ndekha.

Ukudziwa amene anapanga filimuyi? Ndi a Disney omwewo amene anapanga Snow White wako mu 1937, agogo ako asanabadwe, chithunzi chilichonse akujambula pamanja. Ndi omwewonso anapanga Cinderella mu 1950 ndi Sleeping Beauty mu 1959. Ndiye kuti akuseka ana awo omwe. Ndipo kuti useke mphemvu zija, uyenera kukhala kuti unaonapo agologolo ndi agwape akusesa m'kanyumba ka timadoda tisanu ndi tiwiri tija. Wosaidziwa nthanoyo angangoona uve basi. Ine ndimaiona filimuyi ngati msuweni wa makatuni akale aja. Paja msuweni ndi amene amaloledwa kukunena za mphuno yako pagulu, kukulanda chigumu m'manja, koma mwana wina akakuputa kusukulu, woyamba kuvula malaya ndi iyeyo. Tsono ndikufunse: Dalitso anadziwa bwanji kuti mtsikana wa mukatuni amaimbira zinyama? Anadziwa bwanji kapendeketsedwe ka mutu ndi kagwiridwe ka diresi? Mnyamata amene uja amaonera nawo chobisalira pakhomo, ndikumudziwa, ndinabereka ndine.

Edward naye akudumphira m'chitsime muja kutsatira mkwatibwi wake, ndipo ameneyu ndiye anandipweteketsa nthiti. Akuona basi, akuyesa chilombo chomwe chameza anthu, n'kukwera pamwamba pake n'kuibaya ndi lupanga. Dalaivala wake ndi mayi, ndipo mmene anamukalipirira, ngakhale madalaivala a taxi a pa siteshoni ya Noord kuno ku Joni angamuombere m'manja. Akuona TV, akuyesa galasi lamatsenga. Palinso kanyama konga gologolo, dzina lake Pip, komwe ku Andalasia kamalankhula ngati wailesi, koma kufika ku New York mawu psiti, kamangolira tswii tswii n'kumalozaloza ndi timanja. Kameneko ndinakamvera chisoni. Inenso chaka changa choyamba kuno, Chizulu ndisanachigwire, ndinkagula tomato ndi manja.

Chimodzi chokha usatengere: Giselle akafuna diresi latsopano amadula makatani a eni nyumba. Ukayerekeza kuchita zimenezo ndi makatani a amayi ako, ine kulibe, ndili ku Joni.

Mathero sindikuuza. Ndingokupatsa ntchito. Pamene ukuonera uwerenge zinthu zimene waziona kale m'makatuni ena. Pali maapozi a poizoni, pali nsapato yotsala pansi, pali wotchi yomwe ikuthamangira 12 koloko usiku. Zina upeze wekha. Ndipo chinjoka cholavula moto chikakwera pamwamba pa nyumba yaitali, uyang'anitsitse kuti amene wagwidwa m'zikhadabo ndani, nanga amene watola lupanga n'kukwera kukamulanditsa ndani. Pamenepo pamaopsa pang'ono, Chikondi anabisa nkhope m'chitenje cha amayi ake, ndiye usaonere wekha usiku. Uitane Dalitso akhale pambali pako.

Filimuyi ili m'kabokosi, ndakaika m'chikwama chomwe ndatumiza pa basi ya Lachinayi, mkati mwa juzi lako lofiira kuti isasweke. Bambo ako akakuikira. Ndi ya Chingerezi, koma pomwe sukumva ufunse amayi ako. Masokosi a mizeremizere ndi ako, a buluu ndi a Dalitso, musalimbirane. Sopo ndi mafuta ndi za agogo.

Undiperekere moni kwa agogo, uwauze kuti usipa uja unafika bwino ndipo watha lero. Ukandiyankha undiuze kuti wapeza zinthu zingati. Ine ndinapeza zisanu ndi chimodzi, Chikondi akuti zisanu ndi zinayi, koma ndikukayika, mwana amene uja amawerenga kawiri.

Ndine azakhali ako,
Nachisale